Nkhanga ya a Nazimbiri ndi Mlatho wa M'buku

Mphekesera inayambira pa mjigo, anthu akunong'onezana uku akutsuka zidebe. Ati Jailosi wa kabaza waona kuseri kwa chipatala.

Mwina mukuti, nanga kuona kuseri kwa chipatala n'kukhala nkhani? Dikirani kaye ndikuuzeni. Kuno ku ufumu wa Zonsezilibwino anthu amauluka. Osati za malichero zija ayi, kuno timauluka masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense pa mbalame yake. Osauka amakwera nkhanga, zazikulu ngati abulu. Anyamata a kabaza ali ndi akakowa, poti miyendo ndi yaitali, kasitomala sada ndi matope potsika. Nduna ndi mabwana amakwera ziwombankhanga. Mbalame zonsezi zimagulidwa ku sitolo ya mfumu, kwina kulibe.

Ndiye tsiku limenelo Jailosi ananyamula kasitomala wothamangira ku ukwati, n'kudulira njira pamwamba pa Chipatala Chachikulu chatsopano, chija anatsegula mwezi wathawu ndi magule asanu ndi awiri. Atayang'ana pansi anaona kuti chipatalacho ndi khoma limodzi lokha. Kutsogolo penti yoyera, mawindo a magalasi, makatani ndithu. Kuseri mitengo yochirikiza khomalo kuti lisagwe, mbuzi zinayi, ndi kamunda ka therere.

Jailosi anauza mkazi wake yekha. Mkazi wake anauza mlamu wake yekha. Pofika Lachitatu mbuzi zija zinali zitakwana makumi anayi, ndipo ina ati inavala yunifolomu ya namwino. Za yunifolomuzo ine sindikutsimikiza, koma za therere ndi zoona, mayi anga aang'ono anagulako.

Nkhani inafika kunyumba yachifumu. Zimene zinakambidwa kumeneko ndikuzidziwa chifukwa asisi anga a Esinati amasita makatani a m'bwalo la nduna, ndipo wosita makatani amamva zambiri kuposa nduna, poti nduna zimagona pa msonkhano.

Mfumu yathu ndi Chiphimbamaso. Ikamayenda imakhala m'machira otsekedwa ndi nsalu mbali zonse. Dziko lake imalidziwira m'buku lalikulu lachikuto chofiira, Buku la Chitukuko, limene amaiwerengera m'mawa uliwonse ikumwa tiyi.

"Ndamva kuti anthu anga ayamba kuona zinthu," inatero mfumu.

Anaimirira ndi Olemekezeka a Tidzamanga, Nduna ya Misewu, Milatho ndi Zomangamanga. Anayamba akweza lamba wawo kumufikitsa pomwe mimba inalola.

"Mwinidziko, chipatala chilibe vuto. Vuto ndi pomwe anthu akuonera. Chitukuko chathu tinachimanga kuti chizioneka kuchokera kutsogolo, munthu ataima pansi, chapatali pang'ono. Tsono iwowa akuchionera pamwamba. Chinthu chilichonse ukachionera pamwamba chimanyozeka. Ngakhale inuyo Mwinidziko, munthu atakuonerani pamwamba..."

Aliyense m'bwalomo ankadziwa za dazi la mfumu.

"...angaone chisoti chokongola," anamaliza a Tidzamanga, akupukuta thukuta. "Komanso anthuwa akuthamanga kwambiri. Tawamangira misewu makumi anayi, yonse ili m'bukumo, koma palibe amene akuiponda. Angodutsa m'mwamba ngati alendo. Kumeneko ndi kusayamika."

Mfumu inamva chisoni kwambiri ndi kusayamika kwa anthu ake, mpaka inapempha tiyi wina.

M'mawa mwake mthenga wa mfumu anafika pa Msika wa Ndamvakale ndi chimkuzamawu, n'kukwera pa benchi la ogulitsa usipa.

"Tamverani Lamulo la Yamba Wayenda. Kuuluka sikunaletsedwe. Ndikubwereza, sikunaletsedwe. Aliyense adzauluka akangokwaniritsa tizinthu tochepa."

Tizinthu take ndi iti. Uyende wapansi misewu yonse makumi anayi ya m'buku, ndipo kumapeto kwa msewu uliwonse akudindire chidindo pa khadi. Nyakwawa iliyonse ya m'njira uipatse michira khumi ya makoswe, kuti ilembe kalata yoti ikukudziwa. Ukabweretsa ina khumi ilembe kuti ikukukonda, inanso khumi ilembe kuti ikukukonda kwambiri. Zonsezi zikakwana ukatenge chiphaso choulukira ku ofesi. Pakadali pano mbalame iliyonse imangidwe mapiko ndi chingwe chofiira, ndipo wopezeka m'mwamba wopanda chiphaso asilikali amugwetsa ndi malegeni, kenako miyezi isanu ndi umodzi kundende.

Mayi wina wa tomato anakweza dzanja. "Bambo, nanga nkhanga yanga ndinagula mwezi wathawu ku sitolo yanu yomweyo?"

"Muziikwera pansi, mayi."

"Ndiye bwenzi nditagula bulu."

"Abulu tiyamba kugulitsa Lolemba."

Ndipo Lolemba lomwelo sitolo ya mfumu inatulutsanso nkhanga yamtundu watsopano, ya mchira wagolide, ati imauluka mofulumira kuposa zonse. Anthu anakaima pamzere n'kugula, abale inu. Ife ndi otero.

Mukanaona mmene tauni inalili sabata imeneyo. Azibambo a masuti ali pa nkhanga zothamanga pansi, fumbi koboo, zikaona chiswe n'kupatukira kuchulu mwini wake akuchedwa kuntchito. Makoswe opanda michira ali ponseponse, akuyenda mwamanyazi. Jailosi, amene anayambitsa zonsezi, anthu anasiya kumupatsa moni masiku atatu.

"Ine ndinangoona," ankadandaula. "Kodi khoma lija ndinamanga ndine? Pano kakowa wanga amayenda ngati mkwatibwi wolowa m'tchalitchi. Kuchoka pamsika kufika kudepoti maola awiri, kasitomala amatsika n'kundidikira kutsogolo."

Koma amene lamuloli linawapweteka zenizeni ndi a Nazimbiri. Awa ndi mayi aafupi, ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi geti la msika. Sakweza mawu, satukwana. Akakupatsa moni waulemu kwambiri, wogwada, udziwe kuti wawalakwira. Nkhanga yawo ndi yokalamba, dzina lake Pepani, chifukwa imakonda kutera pa madenga a eni ake ndipo mawu oyamba a a Nazimbiri akafika pakhomo pa munthu amakhala amenewo.

Mwana wawo mmodzi yekhayo, Lekeleni, anakwatiwa kutsidya kwa mtsinje wa Sindibweza, m'mudzi wa Tidaiwalika. Anali ndi pakati poyamba, mwezi wotsiriza. Inu mukudziwa, mimba yoyamba mayi ako amayenera kukhalapo, kukugwira msana, kukuphikira phala, ndi kuthamangitsa apongozi akayamba kulankhula zambiri. Mtsinjewo bwato siliwoloka. Madzi ndi aukali, ng'ona zake n'zonenepa, ndipo dzina lake silinama. Kale a Nazimbiri ankangokwera Pepani, mphindi khumi afika. Tsopano panatsala masabata atatu, Pepani ali chimangire.

A Nazimbiri sanadandaule. Anamanga chitenje, khadi m'manja, n'kuyamba kuyenda.

Apa ndiye anapeza mwayi umene palibe ankauganizira. Misewu ya m'buku ndi yaifupi. Msewu wa Tsogolo Lowala, umene m'buku ati umafika kumalire, unali mapazi makumi awiri. Chikwangwani, phula lofika pomwe anaima odula riboni, kenako tchire. Pansi pa mtengo pamenepo pali kalaliki ndi chidindo, akusinza. Msewu wa Ulimi ndi Chuma anauyenda ali ndi chitumbuwa m'kamwa, unatha asanameze. Michira ya makoswe anakaitenga ku nkhokwe za boma. Chimanga mulibemo, koma makoswe adakadikirabe, poti nawonso anamva pa wailesi kuti chikubwera.

Masiku asanu ndi anayi okha, zidindo zonse zinakwana kupatula chimodzi, ndipo nyakwawa zonse zinkawakonda kwambiri. Chotsalacho chinali cha msewu wa nambala makumi anayi, Mlatho wa Tigwirane Manja, wowoloka Sindibweza yemweyo.

Atafika kumtsinje anapeza chikwangwani chachikulu, chojambulidwa mlatho wokongola, magalimoto akudutsa, ana akubayibitsa. Kuseri kwa chikwangwanicho kunali simenti yotalika mapazi khumi, yothera m'malere. Pansi pake ng'ona itagona, kukamwa yasaa.

A Nazimbiri anapita ku ofesi ya ziphaso. Amene amakhala pa windo kumeneko ndi Mayi Bweranimawa, a milomo yofiira ndi magalasi a pamphuno.

"Chatsala chimodzi, mayi. Cha mlatho."

"Chimenecho chikupezeka kuti, achemwali?"

"Kutsidya."

"Nanga kutsidya ndikafika bwanji?"

"Pa mlatho."

"Ndiye kuti dzulo ndinapitako, koma..."

Mayi Bweranimawa anakweza cholembera. "Samalani pakamwa. Wonena kuti chinthu cha m'buku kulibe, ndi miyezi isanu ndi umodzi. Mwati munapitako. Munaona chiyani?"

"Ndinaona chikwangwani chokongola."

"Eya."

"Sindingangoulukako kukatenga chidindocho n'kubwerera?"

"Chiphaso muli nacho?"

"Ndi chimene ndabwerera kuno."

"Ndiye bwerani mawa."

A Nazimbiri atatembenuka, Mayi Bweranimawa anawaitana ndi kamawu kapansi. "Musaone ngati ndine wouma mtima. Nanenso amuna anga lamuloli linawapezera kutsidya, mpaka lero sanabwere." Anakonza magalasi awo. "Kungoti ine sindikudandaula."

Pamsika Jailosi anawapeza akukazinga zitumbuwa, nkhope ili gwa.

"Amayi, dulani chingwecho muuluke. Asilikali aja malegeni awo ndi a mphira wakutha."

"Mphira wakutha womwewo unagwetsa mphunzitsi uja Lachiwiri. Ndikamangidwa, mdzukulu wanga ndidzamupeza akukwawa." Anatembenuza chitumbuwa. "Tandiuza iwe Jailosi, mlatho uja anautsegula?"

"Katatu konse. Ovina ndinkanyamula ndine."

"Anatsegulira kumtsinje?"

"Ayi, ku holo ya hotela. Koyamba ati kunali dzuwa, kachiwiri mvula. Kachitatu anangozolowera."

"Ndiye palibe wamkulu amene anapondapo?"

"Apondepo pati, amayi?"

"Ooh," anatero a Nazimbiri. Kenako anamupatsa Jailosi zitumbuwa ziwiri zaulere, chinthu chimene sichinachitikepo chimangire msika.

Tsopano mumvetse mwambo wa kuno. Ku Zonsezilibwino munthu wamba sayamba chinthu chatsopano wamkulu asanayambe. Chimbudzi cha pamsika chinakhala miyezi iwiri chokhoma, anthu akuthamangira kuseri kwa mabutchala, kudikira nduna kuti idzayambe ndiyo. Mwambo umenewu akuluakulu amaukonda kwambiri, chifukwa pamakhala mpunga ndi nyama, ndipo woyamba kutsegula ndiye woyambanso kudya.

Lachisanu ndi Tsiku Loyamika, pamene mfumu imalandira anthu, bola akhale oyamika. A Nazimbiri anasonkhanitsa amayi makumi atatu a pamsika, onse zitenje za nkhope ya mfumu, n'kulowa m'bwalo akuvina chogwada, akuimba:

Mlatho wathu, mlatho wathu,
watalika ngati chifundo cha mfumu.
Ife amphawi tiuponda bwanji,
phazi la bwana lisanapondepo?

Mfumu inagwedeza mutu motsatira ng'oma. Nyimbo itatha a Nazimbiri anagwada mpaka chipumi kugunda pansi.

"Mwinidziko, tabwera kudzayamika mlatho. Zaka zitatu takhala tikuusirira. Koma ife ndi anthu oleredwa, sitingawoloke wamkulu asanawoloke. Tikupempha a Nduna athu okondedwa atitsogolere, wapansi, monga mwa lamulo lanu latsopano, kuti ife tiponde momwe aponda."

"Zoona, a Tidzamanga? Simunawolokepo?"

"Ntchito, Mwinidziko. Ntchito yachuluka."

"Tamvani ulemu wa anthu anga," inatero mfumu, misozi ili lengelenge. "Zaka zitatu osawoloka mlatho, chifukwa cha ulemu. Lembani zimenezi m'buku. Mawa tikatsegule kachinayi, nanenso ndipita."

A Tidzamanga anatsokomola. "Mwina, poona nyengo, tikanachitira ku holo..."

"Holo ilibe tsidya, bwana," anatero a Nazimbiri, maso ali pansi.

Kaya mfumu inkadziwa kuti mlatho kulibe, anthu amatsutsana mpaka lero. Ena ati inkadziwa, inangofuna kuona a Tidzamanga akutuluka thukuta chifukwa cha nkhani ina ya munda umene analimbirana. Ena ati sinkadziwa. Asisi anga a Esinati ati mfumu imadziwa m'mawa, pofika masana n'kuiwala.

Loweruka tauni yonse inakhamukira kumtsinje, nkhanga zikuthamanga pansi, fumbi mpaka kumitambo. A Nazimbiri anabwera akukoka Pepani pachingwe, kumsana atabereka thumba la ufa wa phala, sopo, ndi zitenje zatsopano ziwiri. Anyamata a unduna anali atafika m'mamawa n'kusunthira chikwangwani chija kumtunda, n'kuika mpando wa mfumu mochiyang'ana, msana kumtsinje. Ati kuopa mphepo.

A Tidzamanga anayamba kulankhula dzuwa likadali pa mapewa. Anathokoza mfumu, makolo a mfumu, azakhali a mfumu. Anafotokoza mbiri ya simenti. Anathokozanso mfumu. Patatha maola atatu anayamba kutchula mayina a mitsinje ya m'mayiko ena, ina ndikukhulupirira ankangopeka.

"A Nduna," inatero mfumu osatembenuka, "mpunga ukuzizira. Wolokani."

Anadula riboni. Ng'oma zinalira, amayi makumi atatu aja n'kufola kumbuyo kwawo, akuvina chopita kutsogolo, pang'onopang'ono, mwaulemu wonse. Palibe anawakankha, zimenezo ndikanamva. Kungoti kumbuyo kunalibenso malo obwerera. Phazi loyamba, lachiwiri. A Nazimbiri ali pambuyo pawo penipeni, akuwakupiza ndi mpango.

"Tsogolani, bwana. Ife tili pambuyo panu."

Phazi lachisanu ndi chitatu. Lachisanu ndi chinayi. Ng'ona ija inali itaitana anzake.

Pa phazi lakhumi a Tidzamanga anaima, nsonga za nsapato zili m'malere. Anayang'ana pansi. Anayang'ana kumbuyo, amayi akumwetulira. Akanati mlatho kulibe, miyezi isanu ndi umodzi, ndipo funso lotsatira likanakhala loti nanga unapita kuti. Ndiye analowetsa zala ziwiri m'kamwa n'kuimba likhweru.

Kuchokera kuseri kwa mitengo kunatulukira chiwombankhanga chawo, mapiko ali tambasuu, opanda ngakhale kachingwe. Anachidumphira pamsana ngati mnyamata, mimba yonse ija, n'kuuluka mpaka kutsidya, anthu onse akuona. Asilikali a malegeni anayang'anizana, kenako onse anayamba kuyang'ana nsapato zawo.

Ng'oma zinasiya. M'chetechete umenewo munangomveka mawu a Jailosi: "Koma mlathowu anaumanga m'mwamba bwanji."

Chithunzithunzi cha mapiko chinali chitadutsa pansi, patsogolo penipeni pa mpando wa mfumu. Mfumu inachiona. Sinatembenuke. A Nazimbiri anabwera n'kugwada pamaso pake.

"Mwinidziko, a Nduna awoloka."

"Awoloka?"

"Ali kutsidya, akupukuta nkhope."

"Ndiye kuti mlatho ulipo."

"Monga mwanenera, Mwinidziko. Ndipo taona mmene apondera. Tsono tiwatsatire momwemo?"

Mfumu inayang'anitsitsa chikwangwani chija cha magalimoto ndi ana obayibitsa. Kukana kunali kuvomera kuti nduna yake yaphwanya lamulo pamaso pa dziko lonse, komanso kuti buku limanama. Inapuma mozama.

"Momwe wadutsa wamkulu, wamng'ono adutse momwemo. Ndiwo mwambo wathu. Bweretsani mpunga."

A Nazimbiri anatulutsa kampeni kosendera nthochi n'kudula chingwe chofiira. Koma Pepani anali atanenepa ndi chiswe cha masabata awiri. Anathamanga pa simenti paja, n'kudumpha, n'kutsika, kutsika, mpaka zala kukhudza madzi. Ng'ona ina inalumpha n'kutsala ndi nthenga za kumchira m'kamwa. Amayi a pamsika anagwira mitu. Kenako nkhanga yokalambayo inakupiza mapiko ngati munthu wokuntha mphasa, n'kuyamba kukwera, a Nazimbiri atakumbatira khosi lake, thumba la ufa likulendewera.

Anakatera pa denga la apongozi ake a Lekeleni. Asanatsike n'komwe anamva kubuula m'nyumba. Matenda anali atayamba m'mawa womwewo, sabata yathunthu isanakwane nthawi imene ankayembekeza. Apongozi anali pakhomo akufotokozera azamba mmene iwo anaberekera ana asanu ndi atatu osalira. A Nazimbiri anawapatsa moni wogwada, n'kuwatuma kukatunga madzi kutali. Dzuwa lisanapendeke kunabadwa mwana wamkazi, wa tsitsi lambiri, ndipo woyamba kumunyamula anali agogo ake.

A Tidzamanga zawo sizinathere pomwepo. Anthu a ku Tidaiwalika anali asanaonepo nduna chibadwire, ndipo nawonso ndi oleredwa. Anati poti mwabwera bwana, mutiyambireko zathu zonse za m'buku. Anawatengera pa mjigo wa m'buku n'kuwapatsa kapu yopanda kanthu. Anamwa, n'kunena kuti madzi ake ndi ozizira bwino. Anawakhazika pa desiki ya m'buku m'sukulu ya m'buku, ali chinjonjomalire padzuwa mpaka mawondo kunjenjemera, ana akuimba nyimbo yowalandira ya ndime khumi ndi ziwiri. Anawasunga masiku anayi.

Masiku anayi amenewo kuno kunalibe chingwe chofiira ngakhale chimodzi. Aliyense anali m'mwamba, ndipo msilikali akafunsa, yankho linali limodzi: "Ndikutsatira a Nduna." Ena anawatsatira kudzera pamwamba pa bwalo la mpira latsopano, ena pamwamba pa fakitale ya shuga, ena pamwamba pa yunivesite. Zimene anaona sindinena, ndine mwana, koma therere tsopano latsika mtengo.

Lachinayi a Tidzamanga atabwerako, ataonda pang'ono, bwalo la nduna linakumananso. Choyamba anawaveka mendulo ya munthu woyamba kuwoloka Mlatho wa Tigwirane Manja. Kenako anatulutsa lamulo lina, ndipo mthenga uja anakweranso pa benchi la usipa.

"Mfumu yamva kulira kwanu. Kuyambira lero aliyense auluke, chiphaso palibe, makoswe apume. Kungoti wouluka aliyense azimanga kansalu m'maso, kuteteza maso ku mphepo. Mbalame zikudziwa njira. Tinsaluti tikupezeka ku sitolo ya mfumu, ndipo wouluka maso ali poyera, miyezi isanu ndi umodzi."

"Nanga woyenda pansi?" anafunsa mayi wa tomato uja.

"Ameneyo ayang'ane mmene angafunire. Kutsogolo."

Tsiku loyamba anthu anachita mantha. Jailosi yekha ndiye anayamba, atamanga kansalu kake kakuda. Anazungulira tauni yonse n'kudzatera pamsika bwinobwino, pakati pa madengu a mazira, osaswa ngakhale limodzi. Anthu anamuzungulira.

"Watera bwanji osaona, iwe?"

"Kakowa akudziwa njira," anatero Jailosi mokweza, kuti msilikali wa pageti amve. Koma nkhope yake inali ngati ya munthu amene wabisa nyama m'tsaya.

Patatha sabata ziwiri a Nazimbiri anabwerako, mwana atatuluka m'chikuta. Anatera pa denga la butchala, kansalu kali m'maso, n'kupepesa. Mayi anga anathamanga kukawalandira, ine pambuyo, poti nkhani ngati zimenezi sizifuna kumvera kwa anthu ena.

"Mwayenda bwanji mumdima wotere, a Nazimbiri?"

"Bwino kwambiri, amake mwana. Mwanayo ndi wonenepa, wafanana ndi ine, apongozi akudwala nazo." Kenako anayang'ana uku ndi uku, n'kumasula kansalu kaja, n'kukaika m'manja mwa mayi anga. "Takayang'anitsani kudzuwa. Mukudziwa amene anapatsidwa ntchito yogula tinsaluti?"

Anali a Tidzamanga.

M'buku analemba kuti ndi nsalu yochindikala, ya ulusi wopota katatu, yochokera kunja. Koma imene inafika ku sitolo ndi yopyapyala kuposa neti ya udzudzu. Ukaimanga m'maso umaona chilichonse, mpaka nkhupakupa pa khutu la mbuzi.

Ndiye ndi mmene zilili pano ku Zonsezilibwino. M'mwamba mwadzaza anthu omanga m'maso, akupapasa mphepo ndi manja kuti asilikali akhutire, ena mpaka kugundana dala pang'ono. Asilikali nawo akauluka amamanga tinsalu tomweto, ndipo sanenapo kanthu. Mfumu ati ikugona tulo tabwino. Dzulo pa mjigo amayi anatsutsana mpaka zidebe kusefukira. Ena ati chilungamo n'chofunika, wina apite Lachisanu akaulule kuti apanso a Nduna adya, mwina ulendo uno angawachotse. Ena ati mukatero adzagula nsalu yeniyeni.

Ine anandithamangitsa, ati nkhani za akuluakulu. Ndiye ndikufunseni inuyo amene mwawerenga mpaka pano: tikawauze, kapena tizingouluka?